Mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo opanda phindu kuno ku Perth: amawayang'anira ndani?

 Ine ndine namwino pa chipatala china mu mzinda uno, ndipo funso limene anthu akwathu amandifunsa kawirikawiri si la mankhwala ayi, koma la inshuwalansi. Ena amafuna kudziwa ngati ndalama zawo zili pabwino ku mabungwe amene amati ndi a mamembala, monga HBF ndi HIF. Ena amafunsa chifukwa chimene ife Amalawi sitingangoyambitsira thumba lathulathu, aliyense n'kumaponyamo kangachepe pamwezi. Ndaika zonse pamodzi pano kuti mukafuna kuona muzingobwerera pa tsamba lino.

Yankho lalifupi ndi ili: chimene chimateteza ndalama zanu si mawu oti "lopanda phindu" amene bungwe lalemba pa chikwangwani, koma chiphaso cha boma ndi malamulo amene amabwera ndi chiphasocho. Ndipo malamulowo satiteteza tonse mofanana, zimatengera viza imene muli nayo.

Bungwe lopanda phindu n'chiyani?

Ganizo lake si lachilendo kwa ife. Kwathu tikuidziwa MASM, tikudziwanso ma SACCO amene amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Amene munadzera ku Zimbabwe mukudziwa CIMAS ndi PSMAS, ndipo amene munadzera ku Joni mukudziwa ma medical scheme, amene ali pansi pa Council for Medical Schemes potsata lamulo la 1998. Anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono, ndipo amene wadwala amathandizidwa ndi ndalama za onse.

Kuno ku Australia kuli makampani ndi mabungwe pafupifupi 30 amene ali ndi chiphaso chogulitsa inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo pafupifupi anthu 45 pa 100 aliwonse ali ndi inshuwalansi yogonera m'chipatala. Alipo a mitundu iwiri. Ena ndi opanga phindu: Medibank ndi nib ali pa msika wa masheya wa ASX ndipo amagawa phindu kwa eni masheya, Bupa, imene likulu lake lili ku London, nayo kuno inalembetsedwa ngati yopanga phindu. Ena ndi opanda phindu, kutanthauza kuti palibe eni masheya. Ndalama ikatsala pakutha pa chaka imakhala m'thumba momwemo, yolipirira odwala ndi kusungira mtsogolo, ndipo boma silidula msonkho pa ndalama yotsalayo.

Lalikulu pa mabungwe opanda phindu ndi HCF, limene linayamba ku Sydney mu 1932. Lachiwiri ndi HBF, lathu la kuno ku Perth, limene linayamba mu 1941 ndi dzina loti Metropolitan Hospitals Benefit Fund, ndipo lili ndi mamembala oposa 1 miliyoni. HIF inayamba mu 1954 ngati thumba la ogwira ntchito ku njanji za boma la Western Australia, koma pano aliyense atha kulowa. Palinso mabungwe otsekera, amene amangolandira anthu a ntchito inayake ndi mabanja awo, monga Teachers Health, Police Health ndi Defence Health.

Mabungwewa ndi akale kuposa Medicare. Kale anthu a ntchito kuno ankalowa timagulu totchedwa friendly societies kuti adzapeze dokotala akadwala. Mu 1953 lamulo la National Health Act linati boma lizithandiza anthu kudzera m'mabungwe olembetsedwa m'kaundula wake. Medicare inabwera pa 1 February 1984, ndipo kuyambira pamenepo inshuwalansi ya pulaiveti ndi yongoonjezera pamwamba, si yolowa m'malo mwa Medicare.

Chiphaso amapereka ndani?

Apa ambiri timasokonezeka chifukwa tili ndi maboma awiri. Boma la Western Australia limayendetsa zipatala monga Royal Perth, Sir Charles Gairdner, Fiona Stanley ndi King Edward, komanso limapereka ziphaso ku zipatala za pulaiveti. Koma inshuwalansi ya zaumoyo ili m'manja mwa boma lalikulu la ku Canberra. Choncho malamulo amene HBF imatsata ku Perth ndi omwewo amene HCF imatsata ku Sydney.

Malamulo aakulu ndi awiri. Loyamba ndi Private Health Insurance Act la 2007, limene limanena zimene pulani ya inshuwalansi iyenera kukhala nazo. Lachiwiri ndi la 2015, limene linapatsa bungwe la APRA mphamvu yolembetsa ndi kuyang'anira chuma cha makampaniwa. APRA ndi bungwe lomwelo limene limayang'anira mabanki ndi ndalama zathu za super. Ntchitoyi inailandira pa 1 July 2015 kuchokera ku bungwe lakale la PHIAC.

Ofuna chiphaso ayenera kukhala kampani yolembetsedwa mwalamulo, aonetse kuti ali ndi chuma chokwanira, ndipo atsogoleri awo akhale anthu oyenera ndi a mbiri yabwino. M'kaundula amalemba ngati kampaniyo ndi yopanga phindu kapena ayi, komanso ngati ndi ya aliyense kapena yotsekera. Kuchita bizinesi ya inshuwalansi ya zaumoyo popanda kulembetsa ndi mlandu. Mndandanda wa onse olembetsedwa uli pa tsamba la APRA komanso pa privatehealth.gov.au, limene ndi tsamba la boma. Dzina likasowa pamenepo, imani kaye.

Kupatula APRA palinso maso ena atatu. Unduna wa zaumoyo umayang'ana mapulani ndi mitengo. Commonwealth Ombudsman amamva madandaulo athu. ACCC imalondola makampani amene anamiza makasitomala potsatsa malonda.

Ndalama zanu zimasungidwa bwanji?

Ndalama imene mumalipira pamwezi imalowa m'thumba lapadera lotchedwa health benefits fund. Lamulo limati chuma cha m'thumbali chisiyanitsidwe ndi chuma china cha kampani, ndipo limatchula zinthu zimene chingagwiritsidwe ntchito. Bungwe lopanda phindu silingatape m'thumbamo kukagawira munthu ngati phindu. Liyeneranso kusunga chuma china padera chokwanira kulipira odwala ngakhale chaka chitavuta, ndipo malamulo atsopano a kasungidwe ka chumachi anayamba kugwira ntchito pa 1 July 2023. Bungwe lililonse liyenera kukhala ndi katswiri wowerengera za inshuwalansi komanso wofufuza mabuku wochokera kunja, ndipo limapereka malipoti ku APRA pafupipafupi.

Mwina mukuti, zonsezi n'za chiyani poti ndi bungwe la mamembala okhaokha? Chifukwa chake n'choti bungwe la mamembala nalo limagwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Goldfields Medical Fund ya ku Kalgoorlie inalowa m'mavuto a zachuma. PHIAC inaika munthu woti ayendetse bungwelo, kenako linaphatikizidwa ndi HealthGuard, imene inali pansi pa HBF, ndipo mamembala anapitiriza kukhala ndi inshuwalansi. Ku America zinafika poipa kuposa apa. Lamulo la zaumoyo la 2010 linathandiza kukhazikitsa mabungwe 23 a inshuwalansi oyendetsedwa ndi mamembala, koma pofika 2016 oposa theka anali atatsekedwa, makamaka chifukwa ndalama zolipirira odwala zinaposa zimene ankatolera ndipo nkhokwe zawo zinali zazing'ono. Mtima wabwino pawokha sulipira bilu ya chipatala.

Kuno APRA ili ndi mphamvu yofufuza bungwe, kulilamula zoyenera kuchita, kuchotsa atsogoleri osayenera, ndi kuika munthu wake woyendetsa thumba likayamba kumira. Palinso lamulo la 2003 lolola boma kusonkhetsa makampani ena onse ndalama zothandizira kulipira odwala a kampani imene yagwa.

Malamulo amene amakutetezani inuyo

Malamulo otsatirawa amagwira pa makampani onse olembetsedwa, opanga phindu ndi opanda phindu omwe, pa mapulani ogulitsidwa kwa anthu amene ali ndi Medicare.

Loyamba ndi community rating. Kampani singakukaneni kapena kukukwezerani mtengo chifukwa muli ndi shuga, BP, HIV, khansa, kapena chifukwa mumapita kuchipatala pafupipafupi. Aliyense wogula pulani imodzi m'chigawo chimodzi cha dziko amalipira mtengo umodzi, kupatula zoonjezera ndi zochotsera zochepa zimene lamulo linalola. Pofuna kuti bungwe limene lili ndi okalamba ambiri lisagwe, makampani onse amagawana mtolo wa odwala a zaka 55 kupita m'mwamba ndi wa odwala amene mabilu awo ndi aakulu kwambiri. APRA ndi imene imawerengera zimenezi miyezi itatu iliyonse.

Lachiwiri ndi nthawi yodikira. Lamulo linaika malire pa inshuwalansi ya m'chipatala: miyezi 12 pa matenda amene munali nawo kale, miyezi 12 pa mimba ndi kubereka, miyezi iwiri pa matenda a maganizo, pa chithandizo chobwezeretsa mphamvu ndi pa chisamaliro cha odwala kayakaya, ndi miyezi iwiri pa zina zonse. Mvetsetsani apa: matenda amene munali nawo kale si okhawo amene dokotala anakuuzani. Ngati zizindikiro zake zinalipo m'miyezi isanu ndi umodzi musanalowe, amawerengedwa, ndipo amene amagamula ndi dokotala wosankhidwa ndi kampaniyo, ataona zimene dokotala wanu walemba. Amayi amene mukufuna kudzachilira ku chipatala cha pulaiveti, inshuwalansi iyambe mimba isanabwere. Pa extras, monga mano ndi magalasi, kampani iliyonse imaika nthawi yakeyake.

Lachitatu ndi ufulu wosamuka. Mukachoka ku kampani ina kupita ku ina pa pulani ya m'chipatala yofanana kapena yotsikirapo, simuyambiranso kudikira pa zimene munadikira kale. Kampani yakale iyenera kupereka kalata yosamukira pasanathe masiku 14. Ndiye musakhale pamalo pongoopa kuti mukayambiranso.

Lachinayi ndi mitengo. Kampani singangodzuka n'kukweza. Imapempha kwa nduna ya zaumoyo, ndipo mitengo yatsopano nthawi zambiri imayamba pa 1 April. Mu 2024 avereji ya makampani onse inakwera ndi 3.03 peresenti, mu 2025 ndi 3.73 peresenti. Imeneyi ndi avereji chabe, pulani yanu itha kukwera kuposa apo.

Lachisanu ndi magulu a mapulani. Kuyambira pa 1 April 2019 mapulani a m'chipatala anaikidwa m'magulu anayi: Gold, Silver, Bronze ndi Basic, potengera mitundu 38 ya chithandizo. Gold yokha ndi imene imakakamizidwa kulipira zonse. Kubereka, kusintha bondo kapena chiuno, opaleshoni ya ng'ala ndi dialysis ya matenda a impso okhalitsa n'zokakamiza mu Gold basi. Mapulani ena okhala ndi mawu oti Plus amaonjezerako zina mwa izi, ndiye werengani. Pulani iliyonse ili ndi chipepala chachidule chotchedwa Private Health Information Statement. Chipempheni musanasaine, paja safunsa anadya phula.

Kodi "la mamembala" ndiye kuti inu muli ndi mawu?

Osati monga mu SACCO, m'mene membala aliyense amakweza dzanja pa msonkhano waukulu. M'mabungwe aakulu monga HBF ndi HCF, mphamvu yovota ili ndi kagulu ka makhansala, ndipo mmene makhansalawo amasankhidwira zalembedwa m'malamulo a bungwe lililonse. Wolipira pamwezi wamba nthawi zambiri savota mwachindunji posankha bodi. Ngati nkhani imeneyi ikukukhudzani, werengani malamulo a bungwelo ndi lipoti lake la pachaka, zonse zimakhala pa intaneti.

Dziwaninso kuti bungwe la mamembala litha kusintha. Kampani ya nib inali ya mamembala ku Newcastle mpaka 2007 pamene inalowa pa msika wa masheya. MBF inagulidwa ndi Bupa mu 2008 pa mtengo wa madola pafupifupi 2.4 biliyoni, ndipo ndalamazo zinagawidwa kwa mamembala. AHM inalowa m'manja mwa Medibank mu 2009. Medibank yomweyo inali ya boma mpaka November 2014. Masiku ano bungwe lofuna kusanduka lopanga phindu liyenera kupeza chilolezo cha APRA, ndipo ngati chuma cha mamembala chikugawidwa, dongosolo lake liyenera kulengezedwa poyera ndipo kagawidweko kakhale kachilungamo. Mu 2018 HBF ndi HCF anakambirana zophatikizana koma anazisiya. Kenako HBF inagula CUA Health mu 2021 ndi Queensland Country Health Fund mu 2023, ikadali yopanda phindu.

Ndiye kodi lopanda phindu ndi lotchipa? Nthawi zina inde, nthawi zina ayi. Mu 2020, nthawi ya COVID-19, HBF inafafaniziratu kukweza mitengo kwa chaka chimenecho pamene makampani ambiri anangokankhira ku October. Koma pa pulani imene inuyo mukufuna, kampani yopanga phindu itha kukhala ndi mtengo wabwino kapena mgwirizano ndi chipatala chapafupi ndi kwanu. Fananitsani pa privatehealth.gov.au, pamene pali mapulani a makampani onse. Masamba ena ofananitsa mitengo ndi a bizinesi, amangoonetsa makampani amene amawapatsa komishoni.

Amene mulibe Medicare

Gawo ili ndi limene limatipweteka kwambiri ife obwera. Australia ili ndi mgwirizano wa zaumoyo ndi mayiko 11, monga UK, Ireland ndi New Zealand, koma Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa mulibemo. Ngati muli pa viza ya ntchito ya 482, ya sukulu ya 500, ya omaliza maphunziro ya 485, kapena ya alendo ya 600, nthawi zambiri mulibe Medicare. Mukagona m'chipatala cha boma mumalandira bilu, ndipo masiku ochepa chabe amakwana madola masauzande. Pa ngozi amakuthandizani ndithu, koma bilu imatsatira pambuyo. Amene ali pa viza za 491 ndi 494, komanso ambiri amene anapereka kale pempho la PR, amaloledwa kulembetsa Medicare, ndiye funsani ku Services Australia.

Viza zambiri zili ndi lamulo nambala 8501, loti mukhale ndi inshuwalansi yokwanira nthawi yonse imene muli m'dziko muno. Ana asukulu amagula OSHC, imene imagulitsidwa ndi makampani ochepa amene anasainirana pangano ndi boma. Antchito ndi alendo amagula OVHC. Tsono chenjerani: OVHC si pulani ya Gold kapena Silver, ndipo malamulo ambiri amene ndafotokoza pamwambapa, monga community rating ndi chilolezo cha nduna pa mitengo, sagwira pa iyo. Ngakhale mutaigula ku bungwe lopanda phindu, chimene chimalamula kwambiri ndi pangano limene mwasaina. Pulani yotchipitsitsa itha kukwaniritsa lamulo la viza koma osalipira dokotala wa GP kapena mankhwala a ku famase.

Izi zimavuta kwambiri tikaitana makolo kudzationa kapena kudzathandiza mwana akabadwa. Amayi kapena abambo ambiri amabwera ndi BP kapena shuga, ndipo mapulani ambiri a alendo amadikiritsa miyezi 12 pa matenda akale, ena salipira n'komwe. Funsani funso limeneli mwachindunji, ndipo yankho akupatseni polemba. Funsaninso ngati pulaniyo imalipira kutumiza wodwala kapena thupi kumudzi.

Kanthu kena kothandiza: ngati simuli oyenera kulandira Medicare, mutha kupempha Medicare Entitlement Statement ku Services Australia kuti musadulidwe msonkho wa Medicare wa 2 peresenti pa masiku amenewo. Pali zoyenera kukwaniritsa zokhudza akazi kapena amuna anu ndi ana, ndiye muuzeni amene amakulemberani za msonkho.

Miyezi 12 yoyamba mukalandira Medicare

Tsiku limene mwalembetsa Medicare, kaya khadi ndi lobiriwira kaya ndi la buluu la ongodikira PR, wotchi imayamba kuyenda. Lamulo la Lifetime Health Cover, limene linayamba pa 1 July 2000, limati munthu amene wachedwa kugula inshuwalansi ya m'chipatala azilipira 2 peresenti yoonjezera pa chaka chilichonse chimene wapitirira zaka 30, mpaka 70 peresenti. Obwera kumene amene tapitirira kale zaka 31 timapatsidwa miyezi 12 kuchokera tsiku lolembetsa Medicare. Mukagula mkati mwa miyezi imeneyi, palibe choonjezera. Mukadutsitsa, munthu wa zaka 40 amalipira 20 peresenti pamwamba, ndipo imachoka pokhapokha mutakhala ndi inshuwalansiyo zaka 10 mosadukiza. OVHC imene munali nayo siwerengedwa pa nkhani imeneyi, extras yokha siwerengedwanso. Mukalandira Medicare imbirani kampani yanu tsiku lomwelo, musinthe pulani kapena muganize bwino ngati mukuifuna.

Ndikuti muganize chifukwa inshuwalansi ya pulaiveti si yokakamiza kwa munthu wa Medicare. Zipatala za boma kuno ndi zabwino, ndipo pa ngozi yaikulu ndi kumene mumapita. Vuto lake ndi mzere wa maopaleshoni osafulumira, monga a bondo ndi ng'ala, komanso simusankha dokotala. Koma amene mumalandira zambiri, Medicare Levy Surcharge imakudulani 1 mpaka 1.5 peresenti ngati mulibe inshuwalansi ya m'chipatala. M'chaka cha msonkho cha 2025–26 malire anali madola 101,000 kwa munthu mmodzi ndi 202,000 kwa banja. Anamwino anzanga, powerengera amaphatikizamo salary packaging, ndiye ndi ma shifiti a usiku ndi a Lamlungu mutha kudutsa malirewo osadziwa. Anzathu a kumigodi n'chimodzimodzi. Kumbali ina boma limabweza gawo la ndalama imene mumalipira. Kubwezaku kunayamba mu 1999 pa 30 peresenti, kuyambira 2012 kumatengera malipiro anu, ndipo mu 2025 kunali pafupifupi 24 peresenti kwa osakwana zaka 65 a malipiro otsika.

Zimene inshuwalansi simaliza

Kukhala ndi Gold sikutanthauza kuti simutulutsa kalikonse. Mukagona ngati wodwala wa pulaiveti, Medicare imalipira 75 peresenti ya mtengo umene boma linaika pa ntchito ya dokotala, ndipo inshuwalansi imalipira 25 peresenti yotsalayo. Dokotala ali ndi ufulu wotchaja kuposa mtengo wa boma, ndipo chotsalacho, chimene amati gap, ndi chanu pokhapokha dokotalayo atalowa mu mgwirizano ndi kampani yanu. Wochita opaleshoni, wogonetsa, ndi woyeza magazi aliyense amatumiza bilu yake. Muli ndi ufulu wouzidwa mtengo polemba opaleshoni isanachitike. Funsaninso ngati chipatalacho chili ndi mgwirizano ndi kampani yanu, ndipo kumbukirani excess imene munasankha, imene pa mapulani ambiri imafika madola 750 pa munthu. Kwa a Medicare, lamulo sililola inshuwalansi kulipira dokotala wa GP kapena sipeshalisiti amene mwakaonana naye kunja kwa chipatala.

Ambulansi ndi nkhani ina. Kuno ku Western Australia imayendetsedwa ndi St John, si yaulere, ndipo Medicare silipira. Ulendo umodzi wa ngozi mu Perth umapitirira madola 1,000. Ngakhale mutasankha kusagula inshuwalansi ina iliyonse, ya ambulansi yokha ndi yotchipa ndipo ndimalangiza banja lililonse kukhala nayo. Munthu asamazengereze kuimba 000 chifukwa choopa bilu.

Nanga thumba lathu la Amalawi?

Kusonkherana pa maliro ndi pa matenda ndi chikhalidwe chathu, ndipo kwathandiza mabanja ambiri kuno. Kumeneko kupitirire. Koma kusonkha mwaufulu vuto likagwa n'kosiyana ndi kulonjeza munthu kuti akamalipira mwezi ndi mwezi gulu lidzamulipirira chipatala. Lonjezo lotero layandikira bizinesi ya inshuwalansi, imene imafuna chiphaso, ndiye gulu lisayambe zimenezo lisanaonane ndi loya. Taganiziraninso masamu ake. Mabanja 100 oponya madola 50 pamwezi amatolera madola 60,000 pachaka. Munthu mmodzi wopanda Medicare akagona ku ICU masabata awiri, ndalama imeneyo itha kutheratu, ndipo wachiwiri akadwala m'thumba mulibe kanthu. Palibe APRA yoti ibwere kudzapulumutsa, palibe Ombudsman woti mukadandauleko, chimatsala ndi chidani pakati pa anthu opemphera tchalitchi chimodzi. Ku Home Affairs nakonso thumba lotero saliwerengera ngati inshuwalansi ya viza.

Chimene gulu lathu lingachite bwino ndi kuthandiza pa zimene inshuwalansi silipira: tikiti ya wachibale wodzadwazika, lendi ya banja pamene bambo kapena mayi ali m'chipatala, excess, ndi kutumiza maliro. Lingathenso kukumbutsa obwera kumene za miyezi 12 ija, ndi kukhala pansi ndi amene Chingerezi cha m'mapepala chimawavuta.

Zikavuta mupite kuti?

Yambani ndi kampani yanu. Lembani dandaulo, sungani nambala imene akupatsani, tsiku, ndi dzina la amene mwalankhula naye. Akakana kulipira ponena kuti matenda ndi akale, pemphani chifukwa chake polemba. Zikakanika pitani kwa Commonwealth Ombudsman, amene anatenga ntchito ya madandaulo a inshuwalansi ya zaumoyo pa 1 July 2015. Thandizo lake ndi laulere, ndipo amamvanso madandaulo a OSHC ndi OVHC ngati munagula ku kampani yolembetsedwa. Ngati yanu ndi inshuwalansi ya paulendo yogulidwa ku kampani ya inshuwalansi wamba ya kuno, dandaulo limapita ku AFCA. Kudandaula za inshuwalansi ndi ufulu wanu, ngakhale muli pa viza yongokhalira kwa kanthawi. Makampani amene anasaina malamulo a khalidwe a gulu lawo amaperekanso masiku 30 oti musinthe maganizo n'kubwezeredwa ndalama, bola musanapemphe kuti akulipirireni kalikonse.

Ndiye musanalipire dola yoyamba, onani zinthu zinayi: dzina la kampani lili m'kaundula wa boma, pulaniyo ndi ya anthu a viza ngati yanu, matenda amene muli nawo kale adikira nthawi yaitali bwanji, ndipo ambulansi ilimo. Amene muli nayo kale inshuwalansi, kalata ya mitengo yatsopano ikabwera chakumayambiriro kwa chaka musangoiponya m'kabati, ndiyo nthawi yabwino yofananitsa ndi ena. Mitengo ndi malire a msonkho zimasintha chaka ndi chaka, choncho manambala atsopano muziwaona pa masamba a boma.

Uthengawu muwapatsireko anzathu amene angofika kumene.